Gulu la Ana ndi Abale a kwa Jere: za penshoni ya Bambo ndi nyumba ya ku Area 49

Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Bambo lero adya bwinoko koma mwendo sukulolabe. Penshoni yalowa, koma kuchoka nawo kuno ku Tsangano mpaka ku banki ku Ntcheu boma, pobwera amagona masiku awiri ndi ululu. Alendi a ku Area 49 nawonso miyezi itatu osalipira, ndikawaimbira akuti iwo amadziwa eni nyumba basi. Bambo anena okha kuti papezeke munthu wowayendera.

Chikondi: Ndinanena kalekale. Pakufunika power of attorney, kalata yopatsa munthu wina mphamvu yowayendera. Alembe ine monga mwana woyamba. Nyumbayo tigulitse, Bambo abwere kuno ku Joni akaonane ndi madokotala.

Azakhali NaJere: Iwe Chikondi, mlongo wanga ali moyo ndipo akulankhula, iwe wayamba kale zogulitsa? Mapepala amenewa ndi omwe anthu amalanda nawo nyumba za makolo awo. Ine ayi.

Bambo aang'ono: Tiyeni tifatse. Mphatso, iwe umagwira ntchito kwa maloya ku Lilongweko, tatimasulira.

Mphatso: Zikomo ababa. Azakhali, mantha anuwo ndi omveka, koma kalata imeneyi sipatsa munthu umwini wa chilichonse. Bambo aakulu amangonena kuti uje akhoza kusaina ndi kulankhula m'malo mwanga pa zinthu zakutizakuti. Nyumba ndi yawobe, ndalama ndi zawobe. Wolembedwayo ali ngati mwana wotumidwa kuchigayo, ufa akabwera nawo si wake. Akadya ndalamazo kapena akachita zomwe sanatumidwe, akhoza kusumiridwa kukhoti.

Mphatso: Pomwe pamavuta ndi pa kalembedwe. Ilipo kalata yopereka mphamvu pa zonse, kugula, kugulitsa, kubwereka ngongole, chilichonse. Imeneyo ndiye yoopsa, chifukwa wogula akaona kuti kugulitsa kunalembedwamo sakhalanso ndi chifukwa chofunsa Bambo aakulu. Ilipo ina yotchula ntchito zake mmodzimmodzi: kutolera lendi ya nyumba ya pa ploti nambala yakuti, kusainirana mgwirizano ndi alendi, kulipira msonkho wa ku khonsolo, kukonzetsa zowonongeka. Mumathanso kulembamo poyera kuti kugulitsa kapena kuika nyumba pa chikole ayi, ndiponso kuti mphamvuyi itha pakatha miyezi 12.

Limbani: Nanga atalemba munthu kenako n'kuona kuti akuwazembera?

Mphatso: Amaithetsa tsiku lililonse lomwe afuna, bola alembe kalata ina yothetsa ndipo adziwitse onse amene anaonetsedwa yoyamba ija, banki, alendi, ku ofesi ya za malo ya Lands. Akapanda kuwadziwitsa anthuwo azingopitiriza kumukhulupirira munthu uja.

Chikondi: Chabwino zogulitsa ndasiya kaye. Koma tikapanda kulemba zonse panopa, mawa Bambo atadwalika kwambiri tidzatani? Kapena, Mulungu atiteteze, atatisiya?

Mphatso: Achimwene, apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mwini wake akamwalira, kalata imeneyi imafera pompo. Wokatapa nayo ndalama maliro atachitika wapalamula. Chuma cha womwalira chili ndi lamulo lakelake la 2011, la ma wilo ndi chuma chamasiye, ndipo pamenepo pamafunika wilo kapena makalata ochokera kukhoti oyendetsera chumacho. Lamulo lomwelo limanenanso kuti kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Wilo ndiye palibe angawalembere ndi mphamvu ya kalata iyi, ayenera kulemba okha.

Mphatso: Za kudwalika, chofunika n'chakuti posaina akhale ali ndi nzeru zawo zonse, akudziwa chomwe akupereka ndi amene akumupatsa. N'chifukwa chake tisachedwe. Munthu akayamba kuiwala mayina a ana ake n'kumugwira dzanja kuti adinde, pepala limenelo khoti likhoza kulitaya.

Azakhali NaJere: Nanga munda wa kachewere uja wa kumtunda? Ulowa momwemo?

Bambo aang'ono: Achemwali, umenewo ndi wa makolo, uli pansi pa amfumu. Usakhudzidwe n'komwe.

Mphatso: Eya ababa, tisaulembemo. Ya ku Area 49 ndi yosiyana chifukwa ili ndi title deed, chikalata cha umwini wa malo. Ngati kalatayo idzagwire ntchito pa mapepala a ploti, imakalembetsedwa ku ofesi ya Lands ku Lilongwe. Ku banki nako musadabwe akakupatsani fomu yawoyawo, kawirikawiri amafuna kuona mwini akaunti ndi chiphaso chake cha unzika asanalole munthu wina kusaina. Ndiye ulendo umodzi wokha Bambo aakulu sauthawa.

Tiyamike: Ine ndinene zoona. Sindikufuna dzina langa pa zonsezi ndekha. Ndikuwasamala kale usana ndi usiku, mawa ndimve kuti Tiyamike wadya penshoni. Mtima wanga sungapirire zimenezo.

Azakhali NaJere: Mwana wanga, amene amachapa zofunda za bambo ako ndiwe. Wokunenera zimenezo adzayambe wadutsa kwa ine.

Limbani: Bwanji tigawe? Achemwali a Tiyamike atenge za ku banki poti ali pafupi. Za nyumba atenge Mphatso poti ali ku Lilongwe konko. Achimwene muli kutali, alendi sangakuopeni pa foni.

Mphatso: Kugawa n'kotheka, makalata awiri osiyana. Koma ine ndiye ndikutsogolerani kwa loya, si bwino kuti dzina langa likhalenso m'kalatamo. Ndingakonde ababa atenge za nyumba, ine ndizingowathandiza kuyenda.

Chikondi: Zandiwawa pang'ono koma ndamva. Pempho langa ndi limodzi: mwezi uliwonse malisiti ndi sitetimenti ya ku banki zizijambulidwa n'kuponyedwa pa gulu pano.

Tiyamike: Zimenezo ndiye zindipepukitsa ine. Ndawawerengera Bambo zonse mwalembazi. Akuti za banki ine, za nyumba mng'ono wawo, kugulitsa asamve n'komwe. Akutinso za wilo akufuna acheze ndi loyayo paokha, ife tili panja.

Bambo aang'ono: Akulu anena, zatha. Mphatso, tipezere tsiku.

Mphatso: Ndiyesa Lachisanu la sabata ya mawa ku boma, kuti loya ndi banki tithane nazo tsiku limodzi. Aliyense wolembedwa abwere ndi chiphaso chake, Tiyamike usaiwale title deed ndi khadi la ku banki. Ngati dzanja likunjenjemera adzadinda chala pamaso pa loya ndi mboni.

Azakhali NaJere: Ine ndidzakwera ya m'mawa pa Lizulu. Ndipo loyayo adzawerenge m'Chichewa mzere uliwonse, ndimve ndekha pamene palembedwa kuti kugulitsa ayi.

Chikondi: Galimoto yowatenga Bambo ndilipira ine. Limbani, funsa mtengo wa hayala kuchoka ku Tsangano kupita ndi kubwera, undiuze usiku uno.