Tilipo 11 tikupita ku Disney World, tigone pati kuti mayi asavutike ndipo nsima iphikike?

Bambo a Mphatso

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mu June ana akatsekera sukulu tikufuna kupita ku Disney World ku Orlando, tikagone masiku 6. Tilipo 11: ine ndi mayi a kunyumba, ana athu anayi (zaka 14, 10, 7 ndi 2), mchemwali wanga ndi amuna ake ndi ana awo awiri (12 ndi 5), komanso mayi athu a zaka 74 amene bondo limawavuta. Tonse tili kuno ku America kale. Ife tibwera pa galimoto kuchokera ku Indiana, alamu adzakwera ndege kuchokera ku Texas. Pa webusaiti ya Disney ndikangolemba 11, zipinda zonse zikuthawa. Tigone mkati mwa Disney kapena tichite lendi nyumba panja? Mayi sangathe sabata osadya nsima, pamenepo ndiye palibe zokambirana.

Nachisale

Yambani ndi kuwerenga mitu monga mmene a Disney amawerengera. Mwana wosakwana zaka zitatu salipira tikiti, ndipo mmodzi pa chipinda sawerengedwa pa malire a anthu; amagona mu kabedi ka khanda kamene hotelo imabwereketsa ulere. Ndiye inu muli 10. Koma wa zaka ziwiriyo akwanitsa liti zitatu? Akakwanitsa musanafike, mwabwerera pa 11 ndipo tikiti yawonjezeka. Wa zaka 10 uja amalipira ngati wamkulu, chifukwa mtengo wa ana ndi wa zaka 3 mpaka 9 basi.

Tsoka lake 10 ndi nambala yoipa ku Disney. Chipinda wamba m'mahotela otsika mtengo, monga Pop Century ndi All-Star, chimalandira anthu 4. Ku Caribbean Beach ndi Port Orleans Riverside kuli zipinda za anthu 5, koma bedi lachisanulo ndi kabedi kotsitsa pakhoma, koyenera mwana wamng'ono osati mnyamata wa zaka 14. Family suite, yomwe ndi chipinda chogona chokhala ndi balaza lake, imalandira 6. Villa ya zipinda ziwiri nthawi zambiri imalandira 8 kapena 9 kutengera hotela. Kuchoka apo ndi Grand Villa ya zipinda zitatu ya anthu 12, imene mtengo wake mukauona mudzayamba mwakhala pansi. Mwaperewera ndi mutu umodzi wokha pa villa ya 9, ndipo musayese zozembetsa munthu: amene sali pa dzina la chipinda sapatsidwa kiyi, salowa nanu m'mawa pa mphindi 30 zimene alendo a mahotela a Disney amalowa anthu ena asanalowe, ndipo malirewo ndi a malamulo a za moto, wa pa kauntala sangakukhululukireni.

Njira yosavuta ndi ma family suite awiri. Ali ku Art of Animation ndi ku All-Star Music. Iliyonse ili ndi mabafa awiri, filiji yaing'ono ndi microwave. Mabafa anayi pa anthu 11 m'mawa si chinthu chochepa.

Bambo a Mphatso

Akwanitsa zitatu mu September, ndiye tapulumuka. Ma suite awiriwo akumveka bwino. Nsima ingaphikike mmenemo?

Mayi a Tadala

Singaphikike, achimwene. Mulibe kuka mmenemo, ndi microwave ndi kasinki basi. Ndipo pali china chimene a Nachisale sanatchule, chachikulu kuposa nsima. Suite iliyonse ili ndi chipinda chimodzi chokha chokhala ndi chitseko. Mabedi enawo ali pabalaza: ku Art of Animation ndi sofa yotambasula ndi tebulo lodyera limene usiku limasanduka bedi, ku All-Star Music ndi mabedi awiri otsitsa pakhoma. Ma suite awiri, zitseko ziwiri, mabanja awiri. Mayi agona pati? Pabalaza ndi zidzukulu, pomwe aliyense wofuna madzi akumwa usiku akudutsa. Mukatenga njira iyi, aikeni mu suite yanu, osati ya mchemwali wanu, pakuti apongozi sangamagone pabalaza pomwe mkamwini akudutsa ndi thaulo. Kwanuko masamu akukwana ndendende: inu awiri, ana atatu, mayi, ndiye 6, khanda pamwamba. Koma kuthinana kwake, sunthani wa zaka 14 akalembedwe kwa azakhali ake komwe kuli malo awiri otsala.

Chimene ine ndingakulangizeni ngati thumba likulola ndi villa ya zipinda ziwiri kuphatikizapo studio imodzi (chipinda chimodzi chokhala ndi bafa lake) pa hotela yomweyo. Villa ili ndi khitchini yeniyeni, kuka ya mbale zinayi, uvuni, filiji yaikulu, makina ochapira ndi oumitsira zovala. Chipinda chachikulu inu ndi khanda, chachiwiri chili ndi mabedi awiri, mayi pena atsikana pena, anyamata pabalaza. Mchemwali ndi alamu mu studio ndi wa zaka 5. Kudya nonse ku villa.

Hotela ya Old Key West ndi imene ili ndi zipinda zotakasuka kuposa ena onse, ndipo nthawi zambiri iyo ndi Saratoga Springs ndi zotsikirako mtengo pa ma villa. Msampha wake ndi uwu: nyumba zambiri za ku Old Key West zilibe chikepe, ndi masitepe okhaokha mpaka pamwamba. Lembetsani kuti mukufuna chipinda chapansi chifukwa cha bondo la mayi, ndipo muimbenso foni kutatsala masiku ochepa. Kidani Village ku Animal Kingdom Lodge ili ndi zikepe, villa yake ya zipinda ziwiri ili ndi mabafa atatu, ndipo mbidzi ndi akadyansonga amaonekera pakhonde ngati mwalipira chipinda choyang'ana kutchire. Koma makonde ake amkati ndi aatali kwambiri, ndipo kulikonse kumene mukupita ndi basi yokha.

Nachisale

Za mkamwini ndavomera, sindinaziganizire. Ndiwonjezere kuti studio ndi villa ndi mabukingi awiri osiyana. Kupempha kuti zikhale pafupi ndi pempho chabe, salonjeza. Chimodzimodzi zipinda wamba zolumikizana ndi chitseko chapakati. Imbani foni kuti manambala a mabukingi awiriwo awalumikize kuti mukuyenda limodzi, apo ayi wogawa zipinda sadziwa n'komwe kuti ndinu banja limodzi. Ku Saratoga Springs mungapezeke wina kuno wina kutsidya, ulendo wa mphindi 15 wapansi ndi mbale ya ndiwo m'manja.

Che Bwanali

Ma villa amenewo musagule pa mtengo wa pa webusaiti musanaone za mapointi. Ndi a Disney Vacation Club, kalabu imene mamembala ake amalipira malo ogona ndi mapointi, ndipo mamembalawo amachititsa lendi mapointi awo, mwachindunji kapena kudzera m'makampani oima pakati. Mtengo umatsika kwambiri. Zoipa zake zitatu. Membala amasungitsa malo pa hotela yake kutatsala miyezi 11, pa mahotela ena miyezi 7, ndiye mukachedwa za June zimakhala zitatha. Chachiwiri, mapangano ambiri sabweza ndalama mukalephera kupita, ndipo pa gulu la anthu 11 lokhala ndi khanda ndi agogo, kulephera si nkhani yachilendo. Gulani inshulansi ya ulendo. Chachitatu, bukingi imakhala m'manja mwa membalayo, kusintha dzina kapena tsiku mpaka adutse mwa iye. Musatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook musanaone nambala ya bukingi itatuluka mu akaunti yanu ya My Disney Experience ndi mayina anu. Komanso sayeretsa tsiku lililonse: matawulo atsopano ndi tsiku lachinayi, kuyeretsa kwathunthu ndi kwa ogona masiku 8 kapena kuposerapo, kumene inu simufikako.

Angoni a ku Dallas

Nonse mukuzungulira pomwe yankho lili poyera. Nyumba ya zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ku Kissimmee, m'malo ngati Windsor Hills, yokhala ndi dziwe lake losambira, kawirikawiri pa usiku imatsika kuposa ma suite awiri aja, osanena za villa. Aliyense chitseko chake, mayi chipinda chapansi ndi bafa lawo, khitchini yoti n'kukazingamo usipa popanda woyandikana naye kudandaula pakhonde.

Koma muwerenge zonse, osati mtengo wa usiku wokha umene amaika m'zilembo zikuluzikulu. Pamwamba pake pamabwera ndalama yoyeretsera, msonkho, ndi ina ya zowonongeka. Yotenthetsera madzi a m'dziwe ikaneni, mu June madzi amafunda okha. Galimoto: minivan imanyamula 7 kapena 8, ndiye alamu ayenera kuchita lendi ina pa bwalo la ndege. Poimika galimoto ku paki ndi madola 30 kapena kuposerapo pa galimoto imodzi pa tsiku, inu kawiri, kuchulukitsa ndi masiku amene mulowe. Lisiti la tsikulo limagwira ntchito m'mapaki onse anayi, musalitaye. Ogona m'mahotela a Disney salipira zimenezi, ndipo kuyambira January 2023 salipiranso poimika galimoto pa hotela. Lamulo la Florida likufuna mpando wa mwana kwa wa zaka 5 kutsika pansi, ndiye mchemwali abwere ndi booster, kampando kokweza mwana m'galimoto.

Posankha nyumba onani mapu, osati mawu akuti "pafupi ndi Disney". Zambiri zotsika mtengo zili ku Davenport, komwe nthawi zambiri mumadutsa mu I-4, ndipo msewu umenewo m'mawa ndi madzulo umaima. Funsani mwini nyumba zinthu ziwiri molemba: kodi bafa lapansi ndi shawa yolowa choyenda kapena ndi bafa lokwera mwendo, ndipo kodi dziwe lili ndi mpanda wotchinga ana. Belu lochenjeza la pachitseko lokha silikwanira pa mwana wa zaka ziwiri m'nyumba yodzaza anthu otsegulatsegula.

Mayi a Tadala

Angoni, ndalama mwawina, koma nenaninso za masana. June ku Orlando kumatentha koopsa, ndipo pafupifupi tsiku lililonse chakumasana kumabwera mvula ya mabingu. Khanda ndi mayi sangapirire kuyambira 8 koloko mpaka zophulitsa za usiku. Amafunika kubwerera kukagona kuyambira cha m'ma 1 mpaka 5. Pa paki ya Magic Kingdom galimoto siifika pa geti: mumaimika ku Transportation and Ticket Center (TTC), kenako monorail (sitima ya njanji imodzi) kapena boti kuwoloka nyanja. Kuchoka pa geti mpaka kufika pakhomo la nyumba ku Kissimmee, werengerani ola lathunthu, kubwerera chimodzimodzi. Basi ya Disney imatsitsa pa geti penipeni. Chinanso, gulu la 11 silitopa nthawi imodzi. Mkati mwa Disney, mayi a kunyumba angathe kutenga khanda ndi agogo n'kukwera basi, ena n'kutsala. Panja, wotopa aliyense amachotsa dalaivala mmodzi ndi galimoto imodzi, otsalawo osakwana m'galimoto inayo.

Angoni a ku Dallas

Zoona, koma vuto la TTC ndi la Magic Kingdom yokha. Ku EPCOT, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom mumaimika pafupi ndi geti. Ndipo basi ya Disney si ndege: potseka paki mzere umakhala wautali, mwana ali mtulo paphewa, chikuku chake uyenera kupinda usanakwere.

Nangozo

Za bondo la mayi zikupepukitsidwa pano. M'mapaki amenewa munthu amayenda makilomita 10 kapena kuposa pa tsiku, ngakhale wabwinobwino amabwerako akutsimphina. Achitireni lendi kanjinga kamagetsi kamene amakatcha ECV, ngakhale akane kuti "ine sindine wolumala". Ka mkati mwa paki n'ka tsiku limodzi, sikatuluka pa geti, ndipo masiku odzaza kamatha m'mawa. Makampani a panja amabwereketsa ka sabata yonse, motsika mtengo, n'kukubweretserani komwe mukugona. Apa ndi pomwe malo ogona amasiyanira. Basi ya Disney ili ndi potsetsereka pokwerera ndipo imanyamula tiwiri, wa kanjinga amakwera poyamba. Skyliner, timabokosi toyenda pa chingwe m'mwamba timene tinayamba mu 2019, imachoka ku Art of Animation, Pop Century, Caribbean Beach ndi Riviera kupita ku EPCOT ndi Hollywood Studios, ndipo kanjinga kamalowa osatsika. Ikangoyamba mphezi imaima, mabasi n'kulowa m'malo. Mukagona panja, pemphani kophwasulika, ndipo mudziwe kuti wina azikaphwasula ndi kukamanga kanayi pa tsiku, ndipo kadya malo onse a katundu m'galimoto momwe mukufunanso kuika chikuku ndi kabokosi ka zakudya. Batire lizigona pa chaja usiku uliwonse.

Bambo a Mphatso

Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Ma suite ndawachotsa chifukwa cha kuka ndi chitseko cha mayi. Ndatsala ndi Old Key West pa mapointi, kapena nyumba ku Kissimmee. Alamu akukokera ku nyumba, akuti ndalama yotsalayo tiwonjezere tsiku ku Universal, paki ina yosakhala ya Disney.

Che Bwanali

Ngati Universal ilimo, nyumba yapeza mfundo ina, chifukwa mabasi a Disney sapita kumeneko. Poyerekeza mitengo muike msonkho mbali zonse ziwiri: mahotela ambiri a Disney ndi 12.5 peresenti, All-Star ndi nyumba za ku Kissimmee ndi 13.5 chifukwa zili m'boma la Osceola. Alamu adziwenso kuti basi yaulere ya Disney yochokera ku bwalo la ndege inatha kumayambiriro kwa 2022, ndiye kulikonse kumene mugone ayenera kulipira yowatenga kapena inu mukawachingamire. Ndipo kulikonse kumene musankhe, malo odyera a anthu 11 sapezeka tsiku lomwelo. Amatsegula kutatsala masiku 60. Tebulo la 11 likakana, sungitsani la 6 ndi la 5 pa nthawi yoyandikana, mukafika mupemphe akuikeni moyandikana.

Mayi a Tadala

Popeza mukubwera pa galimoto, nyamulani poto wamkulu wa kwanu ndi mthiko. Mapoto a m'ma villa ndi m'nyumba za lendi ndi aang'ono, opyapyala pansi, nsima ya anthu 11 imapserera isanapse, ndipo supuni zawo zapulasitiki zimapindika pa kuvundula koyamba. Ufa ubwere kuchokera ku Indiana. Mukaperewera n'kuthamangira ku sitolo ya Publix kapena Walmart, werengani paketi bwino: yolembedwa self-rising cornmeal mix ili kale ndi mchere ndi zotupitsa, ndi ya chikondamoyo chawo, mayi adzalavula pa mbamu yoyamba. Tengani yolembedwa plain white cornmeal, yosalala. Fikani mutadziwa kuti villa amapereka 4 koloko madzulo, ndiye nyama ndi masamba mugule mukatenga kiyi, zisaphikike zokha m'galimoto.