Tinyamule chiyani pokagona m'galimoto ku Cape Maclear?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mu Okutobala muno ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri tikufuna tikakhale masiku atatu ku Cape Maclear, koma ya loji palibe. Tizikagona mu Noah momwemo, mipando yakumbuyo tikapinda n'kuyala matiresi.

Mbaula, makala, ufa, mapoto awiri, tochi ndi chigubu cha madzi cha malita 20 zilipo kale. Nsomba tikagula konko kwa asodzi.

Chandiimitsa mutu ndi udzudzu. Kunyanja kumatentha, mawindo sitingatseke usiku wonse, ndiye neti mumaimanga bwanji m'kati mwa galimoto? Zokhoma misomali ayi, galimotoyi ndi ya achimwene. Nanga amene munayendapo chonchi, n'chiyani chomwe munaiwala kunyumba n'kukachifuna muli komweko?