Strut bar yomwe ndapangira Corolla ikukana kulowa, ndalakwitsa pati akuluakulu?

Wowotcherera wa ku Mchesi: Mwaswera bwanji akuluakulu, ndithandizeni nzeru mutu waima apa. Kasitomala wanga wa Corolla NZE121, ija ya injini ya 1NZ, anandipempha ndimupangire strut bar, chitsulo chija chimalumikiza mitu iwiri ya mashoko akutsogolo pansi pa boneti, akuti anaiona pa galimoto ya mnzake koma yoitanitsa kunja ndalama yake sangaikwanitse. Ndinadula mapuleti awiri a 6mm, ndinaboola mabowo atatuatatu, pakati ndinaika paipi ya madzi ija ya galvanized, ndinawotcherera zonse pa benchi mpaka kupaka penti. Lero ndikuti ndimange, mbali ya dalaivala yalowa bwino koma mbali inayo mabowo aphonya mwina ndi 4mm, ndaipana ndi chitsulo mpaka yalowa koma manati akungogwira mano awiri atatu basi, komanso boneti sikutseka mpaka uitsindike ndi manja awiri. Mwini wake akubwera mawa masana.

Makanika wa ku Biwi: Achimwene choyamba ichotseni, musaisiye yomangidwa choncho ngakhale usiku umodzi. Funso langa ndi limodzi, pomwe mumayeza galimoto inali pansi kapena pa jeke?

Wowotcherera wa ku Mchesi: Inali pa ma stand, tsiku lomwelo anyamata amasintha ma pad a mabuleki ndiye ndinangopezerapo mwayi ndikuyeza ndi tepi

Makanika wa ku Biwi: Ndi pamenepo. Matayala akakhala m'mwamba bodi imamasuka, mitu ya mashoko ija imasuntha pang'ono, ukaitsitsa kulemera konse kwa injini kumabwerera pa mituyo ndiye mtunda wake sukhalanso womwe munayeza uja. Strut bar imayezedwa galimoto itaima pa matayala ake onse anayi, pamalo osalala a simenti osati pa dothi lopendekeka, sitiringi itawongoka, mpweya m'matayala uli wofanana.

Mdala wa ku Ndirande: Zajekezo ndi zoona koma 4mm yonseyo si jeke yekha ayi. Ine ndawotcherera zaka zambiri ndithu, chitsulo chikamazizira chimakoka. Mukawotcherera mbali imodzi ya paipi kuzungulira mpaka kumaliza kenako nkupita mbali inayo, puleti imadzuka ngati khutu la mbuzi, mukaiyang'ana pa benchi imaoneka yabwinobwino koma pa galimoto imakana. Komanso mutu wa shoko si wathyathyathya ngati tebulo, ndi wopendekera mkati ndi m'mbuyo, tepi singakuuzeni zimenezo. Mwana wanga chitani chonchi. Tengani katoni, muigoneke pa ma stud atatu aja, mabauti otulukira pa mutu wa shoko, mugogode pang'ono ndi hamala kuti asiye zizindikiro, mudule katoniyo kutsata mutu wa shoko ndipo pakati musiye bowo lalikulu kuti nati ya pakati ija izioneka. Mukakopera pa puleti, mangani mapuleti awiriwo pa galimoto kaye okha opanda paipi. Kenako paipi muiyeze pakati pawo, muidule, muigwirize ndi ma tack, timaweld tating'ono tongogwirizira, anayi mbali iliyonse ili pagalimoto pomwepo. Mukatero ndiye mumasule mukamalizire pa benchi, pang'onopang'ono, kuno 2cm uko 2cm, kumaisiya izizire yokha, osaithira madzi.

Wa zamagetsi a galimoto, Luwinga: Ndilowepo apa musanayatse makina. Ngati mukupanga ma tack pa galimoto chotsani waya wa negative pa batire, ndipo earth ya makina anu muigwirize pa puleti yomwe mukuwotchererayo osati pa bampa kapena pa injini, apo ayi moto umadzipezera njira kudzera m'mawaya ndi m'ma bearing. NZE ili ndi kompyuta, ikapsa mtengo wake uposa ntchito yonseyi kangapo. Mapaipi a petulo, mawaya ndi galasi lakutsogolo phimbani ndi chiguduli chonyowa, zothetheka zija zikagwera pa galasi zimasiya timadontho tosachoka.

Wa panel beating, Zingwangwa: Bwanji osangokulitsa mabowo ndi dilu ya 14 kuti ilowe, nthawi yachepa kale

Mdala wa ku Ndirande: Ayi bambo, pamenepo ndikukanirani. Ntchito ya chitsulochi ndi kugwira mitu iwiri ija kuti isamayandikane kapena kutalikirana galimoto ikamakhota, ndiye bowo likakhala lotakasuka puleti izingotsetsereka pansi pa nati, kasitomala wanyamula chitsulo chongolemeretsa galimoto. Bowo lipose stud ndi 1mm basi. Ndiponso mukakulitsa, nati itsala ndi pogwira pochepa, ndipo manati atatu amenewo ndi omwe agwira shoko yonse ku bodi.

Makanika wa ku Biwi: Za manati ogwira mano awirizo ndi zomwe zandiopsa kwambiri ine. Puleti ya 6mm yakula, ma stud a pa mounting, chija chimagwira shoko ku bodi, ndi aafupi anawapangira kuti adutse bodi yokha. Tsikani pa 3mm kapena 4mm, nati idzaze yonse ndipo pamwamba patsale mano awiri akuoneka. Ngati mukuopa kuti 3mm ipindika ikani tizitsulo ta makona atatu pakati pa paipi ndi puleti, timeneti ndi tomwe timalimbitsa osati kunenepa kwa puleti. Pomanga musakoke ndi paipi pa sipanala, Corolla imeneyi manatiwo amafuna 39 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira, stud ikaduka mugula mounting yatsopano. Ndipo nati yaikulu ya pakati musaikhudze, imeneyo yagwira sipuling'i.

Wowotcherera wa ku Mchesi: Ndamva akulu. Nanga paipiyi ndingaidule nkuigwiritsanso ntchito? Ndinaipinda kawiri ndi moto kuti ilambalale kabotolo ka brake fluid

Mdala wa ku Ndirande: Itayeni ku sikirapu. Galvanized ikamapsa imatulutsa utsi woyera uja, ndi zinc ameneyo, usiku umamva kuzizidwa, mutu, thupi lonse kuphwanya ngati malungo, ndaona anyamata angapo akudwala nazo, ena amati ukamwa mkaka zimatha koma mkaka suteteza mapapo. Komanso weld yake imakhala ya timabowotimabowo ngati simunapale bwino ndi gulayinda. Pitani ku hardware mukagule black tube, ya round 25mm kapena square 25 kwa 25, khoma lake likhale 2mm osati zopyapyala za mawindo zija. Rod yowotcherera ya 2.5mm ya mtundu wa 6013, moto wapakati cha m'ma amp 70 kapena 80 kuti musaboole. Ndipo kupinda kulikonse kumafooketsa, chitsulo chowongoka chimakana kukankhidwa, chopindika chimangovomera ngati uta. Ngati kabotolo kakutchingani sunthani polumikizira paipi pa puleti, mubwere kutsogolo pang'ono, kusiyana nkupinda.

Wa panel beating, Zingwangwa: Chabwino mdala ndagonja pa mabowo. Koma za boneti ndiye mbali yanga. Umbani timipira ta dongo kapena sopo wofewa ngati chala chachikulu, muike pamwamba pa paipi malo atatu ma tack okha ali pomwepo, mutseke boneti mofatsa mutsegule, dongolo likuuzani mpata womwe watsala. Pakhale 1cm kapena kuposa. Pansi napo muone, injini imagwedezeka pa ma mounting ake ukamanyamuka, ndiye isamagunde paipi. Boneti yotsekedwa motsindika imatupa pakati ndipo loko yake ikhoza kumasuka pamsewu, imeneyo ndi ngozi yeniyeni.

Makanika wa ku Biwi: China achimwene, mwini wakeyo akuifuniranji kwenikweni? Mufunseni

Wowotcherera wa ku Mchesi: Akuti galimoto ikumayepayepa pokhota makamaka akamatsika ku Dedza, komanso pa mabampu kutsogolo kukumalira gudugudu

Makanika wa ku Biwi: Ndinadziwa. Strut bar sichiza zimenezo, muuzeni mosabisa asadzakunenereni kuti ntchito yanu ndi yabodza. Gudugudu ameneyo yang'anani ma link a stabilizer, mabushi a control arm, ball joint, ndi mashoko ngati akudontha oilo. Mukachotsa manati muonenso bodi mozungulira ma stud, magalimoto athu ndi maenjewa mutu wa shoko umatupa kapena kuchita ming'alu, ngati pali mng'alu ukonzedwe kaye, osaubisa pansi pa puleti. Chitsulochi chimathandiza sitiringi kumveka yolimba pang'ono pa galimoto yomwe miyendo yake ili kale bwino.

Wowotcherera wa ku Mchesi: Zikomo nonse, ndamuimbira kuti abwere Loweruka m'malo mwa mawa, ndiyambirenso

Wowotcherera wa ku Mchesi: Akuluakulu ndabweranso. Ndinachita monga munanenera, katoni, puleti ya 4mm, square tube yowongoka, ma tack galimoto ili pansi batire itachotsedwa. Nditamaliza pa benchi yangolowa yokha mbali zonse ndi dzanja, osapana, manati adzaza mano awiri akuoneka pamwamba. Dongo linaonetsa mpata wa 12mm ndipo boneti ikutseka kamodzi. Ming'alu sindinaipeze. Koma link ya stabilizer ya kumanzere inali itatheratu, ndimaigwedeza ndi zala ziwiri, tasintha zonse ziwiri ndipo gudugudu uja watha.

Mdala wa ku Ndirande: Mwachita bwino mwana wanga. Akayenda sabata imodzi abwere mudzaonenso manatiwo, ndipo katoni ija musataye, lembanipo NZE121 muipachike pa msomali.