Misewu yotseka kumapeto: ana azidutsa kuti popita kusukulu?

Wojambula mapulani:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndikujambula dera la nyumba 140 kunja kwa mzinda, pamalo otsetsereka. Mwini malo akufuna misewu yonse ikhale ma cul-de-sac (misewu yotseka kumapeto), akuti ogula amakonda bata ndipo phula silidya ndalama zambiri. Nditayeza dzulo mtima unandiwawa. Sukulu ili pa mamita 300 kuchokera pa nyumba yakumapeto, koma mwana azizungulira mtunda woposa kilomita, kutsata msewu waukulu. Ndikati ndilumikize misewuyo, magalimoto azidulira pakati pa nyumba. Nditani?

Mayi wa mapulani a mizinda:
Musatsegulire galimoto, achimwene, tsegulirani phazi. Pamutu pa cul-de-sac iliyonse siyani njira ya anthu ndi njinga yotulukira tsidya linalo. Akatswiri a mapulani Clarence Stein ndi Henry Wright anachita zimenezi ku Radburn, New Jersey, ku America, mu 1929: galimoto imathera pakhomo, mwana n'kupitiriza kudzera m'paki mpaka kusukulu.

Womanga wakale:
Mwanena zoona amayi, koma pali msampha. Ku Britain anatengera Radburn m'ma 1960 pomanga nyumba za makhonsolo, ndipo m'madera ambiri tinjira tinasanduka timipata tamdima pakati pa mipanda yaitali, anthu n'kumaopa kudutsamo dzuwa likalowa. Njirayo ikhale yaifupi ndi yowongoka, woima mbali ino aziona potulukira. Nyumba ziwiri zoyandikana nayo zikhale ndi mazenera oyang'ana panjirapo, mpanda wofika m'chiuno basi. Zimenezi zilembedwe m'malamulo a pulotiyo, apo ayi wogula adzamanga khoma lake mwezi woyamba.

Injiniya wa madzi:
Ine ndagwira mawu oti otsetsereka. Cul-de-sac yoloza kumunsi ndi mbale, mvula ikagwa madzi onse amakakumana pa nyumba yomaliza. M'njira ya anthu yomweyo mudutse ngalande, ndipo muitsitseko pang'ono kuti ngalande ikatsekeka madzi asefukire mmenemo, osati m'chipinda cha munthu. Paipi ya madzi akumwa idutsenso pomwepo ikalumikizane ndi inzake, poti paipi yotseka kumapeto madzi amagonamo. Kwa mwini malo muyambire pamenepa, amva msanga kuposa za ana.

Wojambula mapulani:
Zikomo kwambiri nonse. Ndajambulanso: njira zisanu za mamita 5 m'lifupi, ndipo zadya mapuloti atatu. Ulendo wa mwana uja watsika kufika mamita 380. Mawa ndikakumana ndi mwini malo nditanyamula mapulani onse awiri. Ainjiniya, ndikutumizireni miyezo ya kutsetsereka usiku uno muone ngati ngalande yakumunsi ikukwanira?

Injiniya wa madzi:
Tumizani bwana, pamodzi ndi kukula kwa malo onse othira madzi mu ngalandeyo.