Magazini ya ndakatulo pa intaneti: tiyambire pati?

Wa ku Chamama:
Abale, tikufuna kuyambitsa magazini ya ndakatulo, nthano ndi zojambula kuno ku Kasungu. Ndalama n'zochepa. Tiyambire pati?

Wa ku Santhe:
Yambani ndi WordPress yaulere (pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti), domain (adiresi yanuyanu ya pa intaneti) mudzagula m'tsogolo. Koma samalani ndi ndakatulo. Mukaimata m'bokosi wamba lolembamo la pa WordPress, mizere imatha kuphatikizana n'kuoneka ngati ndime ya nkhani. Sankhani bokosi la Verse, limasunga mizere monga anaiyalira mlakatuli. Zithunzi muzichepetse, chilichonse chisapose 200 KB. Anthu amawerengera pa foni ndi kabandulo kochepa, ndiye tsamba likamachedwa kutseguka amangolisiya.

Wa ku Nkhamenya:
Achimwene, musatulutse ntchito ya munthu popanda chilolezo cholembedwa. Mulembe momveka kuti umwini ndi wa mlembi, inu mwangololedwa kuitulutsa. Zokhudza lamulo la umwini la 2016 kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso. Ndipo akuba ndakatulo alipo! Tengani mzere umodzi, muufufuze pa Google musanavomereze.

Wa ku Chulu:
Musalonjeze mwezi ndi mwezi, mudzatopa. Tulutsani pa miyezi itatu iliyonse, ntchito 10 zokha. Kulandira ntchito kutsekedwe masabata anayi tsiku lotulutsa lisanakwane, kuti akonzi awiri awerenge chilichonse.