Hedi yatsopano ya aluminiyamu pa 1KZ: mabauti akukhwepa, madzi akutha

Wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru, galimoto iyi yandichititsa manyazi kawiri. Ndi Prado ya injini ya 1KZ-TE. Hedi yake yakale (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) inang'aluka, mwini wake n'kugula ina yatsopano ya aluminiyamu, izi zobwera m'katoni yopanda dzina. Ndinamanga, inayenda milungu itatu, n'kubwerera ikulavula madzi a radiyeta m'botolo. Ndinasintha gasiketi. Lero yabweranso. Injini ikangolira mphindi zisanu paipi yam'mwamba ya radiyeta ikuuma gwa ngati chinangwa chachiwisi, thovu lili tuu pakamwa pa radiyeta. Chondizunguza mutu n'chakuti mabauti anayi apakati ndawamasula ndi dzanja limodzi, chonsecho madontho a penti amene ndinaika pamitu pake ali pomwe ndinawasiya.

Mnyamata wa ku Biwi:
Achimwene, hedi zimenezi zimafuna kubwereza. Ikayenda sabata imodzi muziitanitsa, muwonjezere pang'ono bauti iliyonse. Ife timatero.

Mdala wa dizilo:
Ayi mwana wanga, pa 1KZ usayerekeze. Zobwerezazo tinkachita pa injini zakale za gasiketi yofewa ndi mabauti wamba. Awa ndi mabauti otamuka. Buku la Toyota limati muwamange kufika 39 Nm pa torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), kenako muwazungulitse madigiri 90, kenakonso 90, onse 18 motsata ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja. Ukamaliza pamenepo bauti yatamuka kale kufika pomwe siibwereranso msinkhu wake wakale. Kuwonjezera apo n'kuiwondetsa basi, tsiku lina idzakudukira m'buloko. Inu a ku Ndirande, mwanena nokha kuti penti sinasunthe. Ndiye kuti bauti sinazungulire chobwerera. Chilipo chimene chaphwa pansi pake, kapena chiyambire sinagwire mokwanira. Mabautiwo ndi atsopano?

Wa ku Ndirande:
Madala, apa ndiye mwandigwira. Ndi omwe aja anachoka pa hedi yong'aluka. Mwini galimoto anati ndalama zathera hedi. Tsopano amangidwa kawiri m'manja mwanga.

Mdala wa dizilo:
Kuphatikiza ndi kumene anachokera, katatu. Ndipo anaphikidwa tsiku lomwe hedi yoyamba inang'aluka.

Wa makina osikima:
Ndilowererepo pa nkhani ya chitsulo, chifukwa hedi zoterezi zimandipeza pa benchi pafupipafupi kuti ndizisikime (kuzipala pang'ono kunsi kuti ziwongoke). Aluminiyamu imafufuma ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa cast iron ya buloko kapena chitsulo cha bauti: mamaikiromita 23 (1,000 amapanga 1 mm) pa mita pa digiri iliyonse, pamene zinazo zili cha pa 11 kapena 12. Tiyerekeze hedi yokhuthala 100 mm yatenthedwa ndi madigiri 80. Imakula kuposa bauti ndi pafupifupi 0.09 mm, ngati kukhuthala kwa pepala la m'kope. Zikumveka zochepa, koma zimachitika m'mawa uliwonse, n'kubwerera madzulo. Bauti yamoyo imatamuka n'kubwerera nayo limodzi. Yotopa imatamuka n'kukhala pomwepo, injini ikazizira hedi imatsala yopanda woipanikiza. Chinanso, yendetsani chikhadabo pamene pamakhala mutu wa bauti. Chikakodwa m'kamphete kolowa, aluminiyamuyo ndi yofewa, mwina sanaiumitse bwino kufakitale, mwina inafewa pamene galimoto inawira. Ikafika pamenepo ngakhale mugule mabauti a golide.

Mnyamata wa ku Biwi:
Nanga kungopaka silikoni pa gasiketi mbali zonse?

Wa makina osikima:
Aise, moto wa dizilo sutsekedwa ndi silikoni. Gasiketi yachitsulo ya mapepala angapo imafuna malo osalala, oyera, ouma. Ndipo musamati poti hedi ndi yatsopano ndiye kuti ndi yowongoka. Ikani straight edge (rula yachitsulo yowongoka) m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, mulowetse pansi pake feeler gauge (timapepala tachitsulo toyezera mpata). Buloko nayonso chimodzimodzi, makamaka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu.

Mayi wa ma injector pump:
Bambo a ku Ndirande, gasiketi munasankha bwanji? Za 1KZ zimabwera zokhuthala mosiyana, zili ndi timano m'mphepete tosonyeza saizi, ndipo mumasankha mutayeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko. Ambiri amangolandira imene wa m'shopu wawapatsa. Onaninso ma pre-cup (tizikho ta m'hedi momwe moto wa dizilo umayambira) a hedi yatsopanoyo ngati akhala bwino, chifukwa imodzi ikatsalira m'kati kapena kutuluka kwambiri, moto umadutsa pomwepo.

Wa ku Ndirande:
Mayi, gasiketi ndinafananiza timano ndi yakale, buloko sinasikimidwepo. Koma kuyeza mapisitoni ndi dial gauge (choyezera cha singano ngati wotchi) sindinayeze, ndisaname.

Mdala wa dizilo:
Funso langa lina, ndipo ndi limene ndikulikayikira kwambiri. Mabowo a mabauti m'buloko munawatsuka? Pochotsa hedi madzi ndi oilo zimagwera m'menemo, n'kusakanikirana ndi dzimbiri. Mazinga akakhala ndi phala limenelo, torque wrench imalira 39 msanga hedi isanakhazikike n'komwe. Ndiye madigiri 90 oyamba amathera kutseka mpata, osati kukoka bauti. Penti imaonetsa kuti mwazungulira bwino, koma mphamvu palibe. Bowo likadzaza madzi ndiye zoopsa, bauti imapanikiza madziwo mpaka buloko kung'aluka. Tengani bauti yakale imodzi, muicheke timizere tiwiri m'litali ndi grinder, muziilowetsa ndi kuitulutsa m'bowo lililonse, kenako mpweya wa kompuresa, nsanza mutaphimba pamwamba kuti zingakulowereni m'maso. Tap yodula mazinga musagwiritse, imadya chitsulo. Bauti yatsopano izitsika ndi zala zokha mpaka pansi. Pomanga, oilo pang'ono pa mazinga ndi pansi pa mutu, kungonyowetsa, osati kuviika.

Wa ku Ndirande:
Ndabwera nazo zotsatira. Mabowo asanu ndi limodzi atulutsa phala lakuda ngati la m'ngalande, limodzi la kumbuyo linali ndi madzi enieni. Bauti yatsopano poyamba imakanira theka, nditatsuka ikutsika ndi zala. Mabauti akale ndawaika pambali pa atsopano, anayi aja akuoneka ndi maso kuti aonda pakati. Buloko ndi yowongoka, mapisitoni ndayeza, gasiketi inali saizi yoyenera. Hedi yapindika pang'ono pakati.

Wa makina osikima:
Nanga chikhadabo chati chiyani?

Wa ku Ndirande:
Sichikukodwa, pangokhala chizindikiro chowala. Ndibweretsa mawa muione nokha, muiyezenso ndi pressure test ngati sinang'aluke.

Mayi wa ma injector pump:
Musaiwale chimene chinapha hedi yoyamba. Injini itatentha, fan ya viscous (ija yogwira ndi mafuta a m'kati mwake) izimveka kukoka mpweya mwamphamvu. Ngati ikungozungulira mwaulesi, ndiye kuti mafuta ake anatha. Radiyeta nayo ipite kokatsegula, ndipo muthiremo coolant, osati madzi a pa mjigo. Aluminiyamu ndi madzi amchere sizigwirizana.

Wa ku Ndirande:
Patha milungu isanu. Hedi inapambana pressure test, anaisikima pang'ono, mabauti 18 atsopano, fan inasinthidwa chifukwa inalidi yakufa. Dzulo ndakwera nayo ndekha phiri la Zomba mpaka pamwamba, singano ya kutentha sinasunthe, madzi m'botolo ali pa mzere womwewo, paipi ikufinyika ndi dzanja m'mawa. Ntchito yachitatuyi sindinalipiritse, mwini galimoto anangogula zipangizo.

Mdala wa dizilo:
Mabauti akale aja ali kuti? Ndimawadziwa anyamata a pa galaja, mawa muwapeza pa injini ya munthu wina.

Wa ku Ndirande:
Imodzi yocheka ija ili m'bokosi langa. Ena 17 ndapatsa mnzanga wowotcherera mageti.