Masheya a HCB kapena ndingogula ng'ombe? Ndithandizeni maganizo

Mlimi_wa_Domue:

Moni nonse. Ine ndili kuno ku Domue, Angónia, ndimalima mbatatesi ndi soya pang'ono. Chaka chino zayendako bwino, mbatatesi ndagulitsa kwa anyamata a malole opita ku Tete, ngongole ya feteleza ndabweza, ya ana a sukulu ndapatula, ndiye kwatsala 80 mil, ndiye kuti 80,000 meticais, yomwe mayi a kunyumba akuti tiwonjezere pang'ono tigule ng'ombe ziwiri za ngolo nkhani ithe.

Koma alamu anga amene amagwira ntchito ku Songo adabwera ku maliro mwezi watha, usiku tikuwotha moto pa siwa adandiuza kuti iwo ali ndi masheya, ma acções aja amanena ku banki, a HCB, kampani yoyendetsa damu la magetsi la Cahora Bassa ku Songo komweko, akuti chaka ndi chaka kumalowa kandalama mu akaunti iwo ali gone. Kuyambira tsiku limenelo sizikundichoka m'mutu, chifukwa ng'ombe ine ndidawetapo, imodzi idafa ndi matenda a nkhupakupa ina adaiba usiku khola lili chitsekere, ndiye sindikuziwona ngati banki ayi. Funso langa ndi lakuti zinthu zimenezi amagula bwanji munthu wa kumudzi ngati ine, ndipo pa makampani alipowo yabwino ndi iti? Enanso kuno akuti kuli bwino kugula a ku Malawi poti Dedza ndi pafupi. Ndiye pali mnyamata wina pa msika wa Ulongue akundikakamiza za pa foni, akuti ndikaika 10 mil pakatha sabata ziwiri ikhala 15. Amene mukudziwa ndiwunikireni chonde, chizungu chambiri ayi.

Mphunzitsi_Wopuma_Matundo:

Achimwene a ku Domue, poyamba mnyamata wa pa msikayo muzingomupatsa moni basi, ndalama ayi. Za iyeyo ena anena.

Ine a HCB ndili nawo, ndidagula mu 2019 pamene boma lidatsegula kuti ife eni dziko tigule. Ankagulitsa 3 meticais sheya imodzi, poyamba adati atulutsa 2.5% ya kampani koma anthu adachuluka mpaka adafikitsa pa 4%, ndipo ankaloledwa kugula ndi a Mozambique okhaokha. Ine ndidatenga 10,000, ndiye kuti 30 mil, ndalama ya penshoni. Ndinene zoona sindidawerengetse kwambiri, chidandikoka ndi mtima, chifukwa ife tidakula tikuwona mawaya akuluakulu aja akudutsa pamwamba pa midzi kupita ku South Africa ife tikuyatsa koloboyi, damu lili m'manja mwa Apwitikizi mpaka November 2007 pamene lidabwerera kwathu. Ndiye atati mutha kukhala ndi kachidutswa kanu ndidati ngakhale kakhale ngati njere ya therere ndikatenga.

Kagulidwe kake sikovuta. Msika wa masheya wa dziko lathu ndi Bolsa de Valores de Moçambique, BVM, uli ku Maputo koma inu simupitako, mumadzera ku banki, monga BCI, Millennium bim kapena Standard Bank. Mukhale ndi akaunti, chitupa cha BI ndi nambala ya msonkho ya NUIT, mukawauze kuti mukufuna kugula ma acções ogulitsidwa pa Bolsa, akutsegulirani kaundula wosungira masheyawo ndipo mulemba kuti mukufuna angati pa mtengo wanji. Amadula kangachepe pa ntchitoyo, mufunse musanasaine.

Tsono zimene alamu anu sadakuuzeni pa moto paja ndi izi. Kandalama kolowa chaka ndi chaka, dividendo, kalipo ndithu, ine ndalandirapo kangapo, koma pa masheya anga 10,000 musaganize za kumanga nyumba, ndi ndalama yogulira magetsi a Credelec ndi ka ndiwo. Amadulaponso msonkho wa 10% isanakufikeni. Ndipo vuto lalikulu si limenelo, vuto ndi kugulitsa. Msika wathu ndi wawung'ono, makampani alipo ochepa, ogula ndi ogulitsa ndi ochepanso, mtengo utha kukhala masabata osasuntha ngati galimoto yopanda batire. Chaka china mayi a kunyumba adadwala ndidafuna kugulitsako theka, ndidapita ku nthambi ina ya banki mu tauni muno, mtsikana wa pa kauntala sankadziwa n'komwe kuti ndikunena chiyani, adandituma kwa bwana wake, bwanayo akuti tilembera ku Maputo, ndidayenda maulendo atatu kuwoloka mlatho wa Samora Machel dzuwa la ku Tete lino mukulidziwa, mapeto ake ndidakongola kwa mwana wanga oda yanga isanapeze wogula pa mtengo umene ndidalemba. Ng'ombe mukaitulutsa m'khola m'mawa, pofika masana wa butchala wabwera kale ndi ndalama m'thumba. Sheya siitero.

Ngati kampani, HCB ine ndimaikhulupirira. Cahora Bassa imatha kupanga 2,075 MW, magetsi ambiri amagula ndi Eskom ya ku South Africa, ena EDM ya kwathu kuno, ena amapita ku Zimbabwe, ndiye ndalama zake zambiri zimachokera kunja. Koma nayonso ndi mlimi ngati inu nomwe, imadalira mvula. Chilala cha El Niño cha 2024 chija madzi adatsika kwambiri ku Kariba ndi kuno komwe, ndipo madzi akachepa magetsi ogulitsa amachepa, phindu lotigawira nalonso limatha kuchepa. Ndiye mukaganiza bwino, chaka chimene munda wanu wakanika ndi chomwechonso chimene damu likulira. Zimenezo muziike m'mutu.

Calomue_Boda:

Aphunzitsi anena zoona zokhazokha koma ine ndiyankhe za ku Malawi poti ndimadutsa pa boda pafupifupi sabata iliyonse ndipo mayi anga ndi a ku Dedza. Msika wa ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, uli ndi moyo kusiyana ndi wathu, zimenezo tisakane. Kuli mabanki, National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, kuli Airtel ndi TNM, Illovo ya shuga, Press Corporation, NICO. Airtel Malawi idalowa mu February 2020 pa K12.69, FDH Bank idalowa chaka chomwecho mu August pa K10 ndipo idadutsa K100 kalekale. Msuweni wanga wa ku Lilongwe adagula FDH, akamayankhula pa foni amachita ngati mwini wake wa banki.

Koma achimwene, inu mumadya metical, feteleza mumagula ndi metical. Kwacha idagwetsedwa 25% mu May 2022, kenako 44% mu November 2023, usiku umodzi dola idachoka pa 1,180 kufika cha m'ma 1,700, pamene metical yathu yakhala ili cha pa 63 kapena 64 pa dola kuyambira 2021. Ndiye sheya itha kukwera bwinobwino pa pepala ku Blantyre koma pobwera nayo kuno mwapeza kuti mwangothamanga pa malo amodzi. Komanso ndalama zakunja ku Malawi zikusowa, kuti mutulutse phindu lanu m'njira ya banki ndi nkhondo, ndipo mukatengera kwa anyamata osintha ndalama pa boda aja mtengo wawo mukuudziwa, amakumetani bwinobwino. Kumbali yathu nakonso Banco de Moçambique ili ndi malamulo ake pa zotumiza ndalama kunja. Ine ndinganene kuti a ku Malawi ndi abwino kwa munthu amene ali ndi moyo kumeneko, mwana akuphunzira ku Lilongwe, nyumba akumanga ku Dedza, woti kwachayo akaidyera konko. Inu wa ku Domue ndi 80 mil yanu yoyamba, ayi.

Ndipo tisamanyade kwambiri ndi metical, tikumbuke 2016 nthawi ya ngongole zobisika zija momwe idagwera mpaka kuyandikira 80 pa dola. Ndalama ilibe mbale.

Mayi_Tsangano:

Abambo inu, za pa foni zija ndikuuzeni ine amene ndidapsa. Tili ndi xitique yathu ya azimayi khumi, chipereganyu chathu chakhala chikuyenda zaka osakanganapo, ndiye kudabwera mtsikana wina wovala bwino akuti pali kampani ya kunja imachita malonda a masheya ndi madola pa intaneti, inu mungoika ndalama makina ndiwo amagwira ntchito. Ndidaika 5 mil, patatha masiku khumi adandibwezera 6,500 pa e-Mola, ndidaiwona ndi maso anga. Eeh ndidapenga, ndidaika 25 mil ya kabichi ndi tomato yense, ndidakokanso anzanga atatu a mu xitique momwemo. Pa foni manambala ankakwera tsiku ndi tsiku obiriwira bwino, ndikadzuka usiku kukawona. Tsiku lofuna kutapa akuti lipirani kaye 3 mil ya msonkho, ndidalipira, kenako akuti makina akukonzedwa, kenako gulu la WhatsApp lidangofufutika. Mtsikana uja nayenso akuti adaberedwa, mwina ndi zoona, sindikudziwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero si 25 mil yanga, ndi anzanga aja, mmodzi sitiyankhulana ndipo timapemphera tchalitchi chimodzi.

Mnyamata wanuyo mumufunse kuti kampaniyo ili ndi chilolezo cha Banco de Moçambique, ofesi yake ili kuti, ndipo 5 mil ya phindu pa sabata ziwiri ikuchokera pa malonda anji. Muwona ayamba kukuuzani za anthu amene agula magalimoto.

Moatize_Jr:

Kkkk amayi pepani koma nkhani yanu yachitikira theka la Moatize. Ine ndiwonjezere pa za aphunzitsi, chifukwa mwangokamba HCB ngati ilipo yokha. Pa BVM palinso CMH, ya gasi wa ku Pande ndi Temane ku Inhambane amene amakumba pamodzi ndi Sasol, imeneyo anthu amaikonda chifukwa cha dividendo koma masheya ake ali m'manja mwa anthu wamba ndi 10% yokha ndipo amene ali nawo sawataya wamba, komanso gasi ndi chinthu chakutha, zitsime zija zayamba kutulutsa mu 2004. Pali CDM ya mowa, 2M, Laurentina, Manica, Impala, imeneyo simufunika lipoti kuti mudziwe ngati malonda akuyenda, ingoyendani Loweruka madzulo, ngakhale kuti kuyambira 2019 Heineken idatsegula fakitale yake ndiye mpikisano ulipo. Pali EMOSE ya inshuwalansi. Malasha athu a kuno musawafunefune, Vale idagulitsa mgodi kwa Vulcan mu 2022 ndipo sali pa msika wathu, ife timangolandira fumbi.

Ine ndikanakhala inu ndikanafunsanso ku banki za Obrigações do Tesouro, kumene ndi kukongoza boma ndalama lizikupatsani chiwongola dzanja pa nthawi yoikika. Si sheya ayi koma mumadziwiratu tsiku ndi kuchuluka kwake, bola boma lisachedwetse kulipira poti nalonso ngongole zalichulukira. Za HCB ine ndikuyang'ana Mphanda Nkuwa, damu latsopano la 1,500 MW limene akufuna kumanga kumunsi kwa Cahora Bassa, mu 2023 adasankha EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo kuti atsogolere ndipo HCB ili momwemo. Koma limenelo akhala akulikamba ine ndisanabadwe, musagule sheya chifukwa cha damu la pa pepala.

Mphunzitsi_Wopuma_Matundo:

Mwana wanga wa ku Moatize wanena bwino, kungoti kwa munthu woyamba makampani anayi ndi ambiri. Achimwene, ng'ombe za ngolo si chuma chongosunga, zimalima, zimatuta mbatatesi kuchoka ku dimba, anzanu akabwereka ngolo amalipira. Sheya siikoka ngolo. Ine ndikanati mverani mayi a kunyumba pa gawo lalikulu, ndiye mutenge 15 kapena 20 mil imene mukudziwa kuti simuifuna zaka zisanu zikubwerazi, imeneyo ndiyo muyesere HCB. Ya feteleza wa chaka chamawa isayandikire n'komwe. Ndipo polemba oda muike mtengo wanu, osangoti gulani pa mtengo uliwonse, msika wopanda anthu umapweteka pamenepo.

Mlimi_wa_Domue:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri ndipo ndawawerengeranso mayi a kunyumba, pa nkhani ya amayi a ku Tsangano adangoti mwamva? Mnyamata uja ndakumana naye dzulo ndamufunsa za ofesi, akuti ili ku Dubai, ndamufunsa za chilolezo wayamba kundiwonetsa chithunzi cha munthu ataima pa galimoto yoyera. Ndamusiya.

Tagwirizana kuti ng'ombe tigula, koma 15 mil ndapatula. NUIT ndili nayo, BI ndi imene yatha nthawi ndiye ndiyambe ndakonza imeneyo. Aphunzitsi, funso lina, nthambi za banki za pa Ulongue pano angathe kundilembera oda imeneyi kapena ndikwere chapa mpaka ku Tete? Chifukwa ulendo wopita ndi kubwera ndi kugona komwe zitha kudya dividendo ya chaka chonse ndisanagule n'komwe.

Mphunzitsi_Wopuma_Matundo:

Yambani mwafunsa pa Ulongue pomwepo, koma musafunse pa kauntala, pemphani kuwonana ndi gerente, bwana wa nthambiyo, ndipo munene kuti acções da HCB na Bolsa de Valores, mulembe pa kapepala mupite nako. Akakanika mundiuze, mukabwera ku Tete mudzagona kwathu, mubwere ndi kathumba ka mbatatesi.